Munthu wa Jekete m'Dayale ya a Chalendewa

Manja asaime, fodyayu sadzisankha yekha. Makutu okha ndiwo mundibwereke. Inu a Gomani mwakhala mukundiseka kuti ine Ezara, mphunzitsi wopuma, munthu wa mabuku, ndimapatuka njira ndikaona munthu wovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Sekani, mano ndi anu. Koma lero ndikuuzani chimene chinandipeza, ndipo ndikamaliza musandifunse mafunso chifukwa mayankho ndilibe.

Zinayamba ndi foni. Mayi wina wa ku bungwe losindikiza mabuku ku Lilongwe, a Chatepa, anandiuza kuti apeza dayale ya malemu a Yotamu Chalendewa, aphunzitsi aja ankalemba timabuku ta nkhani timene makolo athu ankawerenga kusukulu. A Chalendewawo anaphunzitsa kuno pa Nyenje kuyambira 1950, ndipo tsiku lililonse ankalemba m'makope zimene zachitika ndi anthu amene acheza nawo. Bungwelo linkafuna kusindikiza dayaleyo, koma panali vuto. Anthu otchulidwamo sankadziwika.

"Inu ndinu a komweko," anatero a Chatepa. "Mutipezere kuti aliyense anali ndani, tilembe m'munsi mwa tsamba. Ndi kantchito kochepa, a Chimphamba."

Kantchito kochepa! Ndikanadziwa ndikanawauza kuti aitenge okha akaigwire.

Koma ndinavomera msanga chifukwa ndinali ndi changa chamumtima. Amayi anga, a Delesi, anali gone m'nyumba mwanga, miyendo itatupa, mtima ukuvuta, ndipo kuchipatala anali atatiuza mosabisa kuti tipite nawo kunyumba tikawasamale. Bambo awo, a Zakeyu Mpingasa, anapita kumigodi ku Halale iwo ali ndi zaka zisanu, ndipo anachona, osabweranso. Patapita zaka zitatu amayi awo anamwalira, amalume n'kuwatenga kukawalera kutsidya kwa mtsinje. Masiku amenewo lole yochokera kunja inkatsitsa anthu pasukulu, ndipo makalata onse a m'derali ankafikira m'manja mwa mphunzitsi. Amayi atamva za dayaleyo anandigwira dzanja.

"Ezara, undionere m'bukumo ngati bambo anatifunsako. Olo kamodzi kokha. Ndidziwe ndisanatseke maso."

Makope atatu anafika m'katoni, masamba ake achikasu, njenjete zitadya m'mbali. Sabata yoyamba yomweyo ndinapeza dzina la agogo, koma silinali pamalo pamene ndinkafuna. M'mwezi wa Juni 1952 a Chalendewa analemba kuti munthu wina wobwera kuchokera ku Halale anawapatsa maina a anthu anayi amene mgodi unawakwirira mu Ogasiti 1950. Wachitatu anali Zakeyu Mpingasa. Pansi pake analemba kuti, "Abale a atatu ndawauza. A Mpingasa sindidziwa kwawo."

Ndinawawerengera amayi. Anayang'ana kudenga.

"Ndiye kuti atachoka kuno anakhala moyo zaka zinayi," anatero. "Zaka zinayi osalemba ngakhale kalata imodzi. Yang'ananso."

"Amayi, ndayang'ana tsamba lililonse."

"Yang'ananso, iwe. Kodi sukuluyo unapitira chiyani?"

Mmawa uliwonse ndikawatengera phala funso linali lomwelo. Ndimawakonda amayi anga, koma ndinene zoona, nthawi zina ndinkatuluka m'chipindamo mtima ukuwira.

Nayo ntchito ija inali yopweteketsa mutu. A Chalendewa, mzimu wawo uuse, ankalemba ngati owerenga onse adzakhala anansi awo. "Kunadza Nabanda ndi mazira." Nabanda uti? Deralo linali ndi a Nabanda oposa mbuzi za m'khola. "Ndinacheza ndi mkulu wa njinga yopanda belu." Abale inu, ndipite kumanda ndikafunse kuti njinga yopanda belu inali ya yani? Ndinayenda midzi, ndinafufuza m'kaundula wa ubatizo kutchalitchi, ndinawerenga ziliza mpaka khosi kuuma. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kutuluka. Wa njinga uja anali wosoka nsapato. Nabanda wa mazira anali agogo awo a Gomani omwewa, inde inu, ndipo dayale ikuti mazirawo ena anali osukusa. Pofika Okotobala ndinali nditawapeza onse kupatula mmodzi.

Ameneyo a Chalendewa ankangomutchula kuti munthu wa jekete. Mawu ake ndinawaloweza chifukwa chowerenga kambirimbiri.

"Lachinayi, 8 Febuluwale 1951. Dzuwa lili paliwombo kunadza munthu wa jekete. Anaima kunja kwa khonde, nafunsa kwa make Nthambi. Ndinati ndine mlendo kuno, sindidziwa. Mpando anakana, madzi anakana."

Patapita milungu iwiri analembanso. "Wadzanso uja wa jekete. Funso lomwelo. Ndafunsa akulu a mpingo, akuti kulibe make Nthambi kuno. Ndinafunsa dzina lake, sanayankhe."

Zinapitirira choncho kasanu ndi kawiri m'chaka chimenecho. Komaliza zilembo zake zinali zopindika. "Ndamuuza kuti asadzenso. Mulungu andikhululukire ngati ndalakwa."

Ndinasaka Nthambi m'kaundula wa ubatizo, munalibe. M'kaundula wa sukulu, munalibe. Pa ziliza, panalibe. Ndinafunsa aliyense wa imvi amene ndinakumana naye, mpaka anyamata a pa bawo kumsika anayamba kundikuwiza ndikamadutsa, "A Chimphamba, mwawapeza a make Nthambi?" Ena ankandilozera mbuzi yomangidwa pamtengo ati ndi imeneyo. A Chatepa nawo foni tsiku ndi tsiku.

"Ingolembani kuti sakudziwika, tikuchedwa."

"Mayi, ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, sindinasiyepo funso pa bolodi lopanda yankho."

Kunyada, a Gomani. Kunali kunyada basi.

Tsono kunyumba kunayamba tinthu tina. Ndinkagwirira ntchito pakhonde, patebulo laling'ono, ndipo ndinkaika nthenga ya nkhanga pa tsamba limene ndalekeza. Ndikapita kukadya masana, pobwera ndinkapeza nthenga ija ili pa 8 Febuluwale 1951. Ndinakalipira akazi anga, Nachisale, kuti akugwiragwira makope a eni ake.

"Ine ndigwire za fumbi zanuzo?" anatero. "Funsani galu wanuyo, mwina ndiye wayamba kuwerenga."

Galuyo naye anali atasintha. Galu wolusa, woti wogulitsa makala sankayerekeza kuponda pabwalo, koma dzuwa likafika pamutu ankalowa pansi pa nkhokwe n'kukhala phee, mchira m'mimba. Nkhuku zinkasiya kupalasa. Nyenje, zija zimasokosa mwezi wa Okotobala mpaka makutu kulira, zinkangoti zii nthawi imodzi ngati wina wazitseka pakamwa. Ndipo pankabwera fungo. Mukudziwa mmene chimanunkhira chitsime chakuya akangochikumba, dothi lonyowa la pansi penipeni? Fungo limenelo, pamene mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Pakapita kanthawi nyenje zinkayambiranso, galu n'kutuluka.

Nachisale ndiye anaona fumbi. Mmawa ankasesa pabwalo bwinobwino, koma masana pachipata pankapezeka kafumbi kotuwa ngati phulusa, pamalo amodzi, poti munthu angaime. Dothi lathu kuno ndi lofiira, inu mukudziwa.

"Bambo, makope awa abwezeni," anandiuza tsiku lina akupukuta manja pachitenje. "Sindikuwakonda."

"Mapepala akuopsani? Pitani mukathirire ndiwo kudimba."

Ndinamva kuti kuseri kwa phiri kunali munthu mmodzi wamoyo amene anaphunzitsidwa ndi a Chalendewa, a Jekapu, amene ankaimba belu kutchalitchi mpaka makutu anagontha. Ndinapalasa njinga mtunda wonsewo. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango.

"Ndabwera kudzafunsa za a Chalendewa!" ndinakuwa.

"Chala chawawa? Pitani kuchipatala."

"A Chalendewa! Aphunzitsi!"

"Ooo, aphunzitsi! Ankamenya amene aja. Onani khutu ili."

Ola lathunthu linatha akundisimbira za zikwapu, za mpira wa nsanza, za mtsikana wina amene anawakana mu 1959. Ndinatsala pang'ono kunyamuka. Kenako ndinalemba pansi ndi chala kuti JEKETE. A Jekapu anayang'ana, n'kuika mpini uja pambali. Kuseka konse kunatha.

"Mwazitenga kuti zimenezi?"

Ndinawaonetsa kope. Sanafune kuligwira.

"Ife tinali m'kalasi," anatero motsitsa mawu. "Tikangomva nyenje zasiya, tinkadziwa. Aphunzitsi ankaika choko pansi n'kutuluka. Tinkasuzumira pawindo. Iwo ali pakhonde, akuyankhula, akupukusa mutu, akuloza uku ndi uku."

"Nanga munthuyo anali wotani?" ndinakuwira kukhutu kwawo.

"Ena ankati akuona chipewa. Ena ankati nsapato. Ine ndinkaona aphunzitsi okha, ndi udzu wa pamenepo utagona. Pobwera m'kalasi manja awo ankazizira. Ndikudziwa chifukwa tsiku lina anandigwira khutu."

"Make Nthambi anali ndani?"

"Kaya. Aphunzitsi anatifunsa tonse, anafunsa ndi makolo athu. Chaka chimenecho midzi inali itabalalika, ena atasamuka, ena atafa. Ndani akanadziwa?" Anatolanso mpini wawo. "Bambo, inu zisiyeni. Munthu amene uja sanapeze chimene ankafuna."

Ndinachoka nditakwiya kuposa mmene ndinabwerera. Mtunda wonse uja, thukuta lonse lija, n'kungopatsidwa nkhani ya udzu wogona! Ndinapalasa ndikulongolola ndekha. Pofika pamphambano ya kwathu, pa mtengo wa mkuyu paja, tcheni cha njinga chinavuka. Ndinatsika, ndinagwada, ndikulimbana nacho, manja bii ndi girizi. Dzuwa linali paliwombo. Sindinazindikire msanga kuti nyenje zasiya.

"Zikomo, bambo."

Mawu anachokera kumbuyo kwanga, aulemu, otopa. Ndinacheuka. Munthu anali ataima potalikirako pang'ono, chipewa chitatsikira kumaso, atavala jekete lalikulu lotuwa ndi fumbi, kutentha konse kuja. M'dzanja ananyamula kasutikesi komanga ndi lamba.

"Ndifunse nawo. Kwa make Nthambi ndi kuti?"

A Gomani, magazi anandikwera kumutu. Ndinadziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndadziwa, kuti ndi anyamata a pa bawo aja atuma chidakwa china kuti chidzandiseke. Mpaka kubwereka jekete ndi sutikesi!

"Asa! Mulibe ntchito eti? Munthu wamkulu ngati inu kuvomera kutumidwa zachibwana? Kulibe make Nthambi kuno! Kulibe, sanakhaleko, ndipo mukawauze amene akutumaniwo kuti ndikawapeza aona!"

Anangoima, mutu utawerama.

"Pepani," anatero. "Ndasokoneza."

Ndinawerama kukoka tcheni chija, ndipo nditadzutsa mutu msewu unali mbee mbali zonse zinayi. Pamphambano paja mukupadziwa, palibe chitsamba choti munthu angabisale. Fungo la chitsime lija linali ponseponse. Ndinayesa kukumbukira nkhope yake, sinabwere. Mpaka lero sibwera. Thupi lonse linachita tsembwe, koma ndinadziuza kuti ndi dzuwa landiwomba, ndi nkhani za a Jekapu zandilowa m'mutu. Kunyumba sindinauze munthu.

Amayi anali akutsika tsiku ndi tsiku. Phala ankangolawa masipuni awiri. Mawu anali atachepa, koma funso lija silinathe.

"Wapeza?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye kuti anatitaya basi." Anatembenukira kukhoma. "Ndinkati mwina. Munthu umati mwina."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinatuluka n'kukakhala patebulo langa ndili ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Ndinakwiyira agogo amene sindinawaone, ndinakwiyira a Chalendewa ndi malembedwe awo, ndinadzikwiyira ndekha. Anthu oposa zana ndinawafukula m'makope amene aja, osoka nsapato, ogulitsa mazira, koma chinthu chimodzi chimene mayi wanga anandipempha ndinalephera.

Lachinayi lotsatira Nachisale anali kudimba. Ine ndinali pakhonde ndikukopera maina onse papepala loyera kuti nditumize ku Lilongwe. Galu ananyamuka pamapazi panga, n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Nyenje zinati zii. Sindinafune kudzutsa mutu, koma ndinaona m'mbali mwa diso kuti pachipata paima munthu.

"Zikomo, bambo."

Cholembera chinagwa m'manja mwanga. Mantha ndinali nawo, sindikana, koma mukudziwa mmene ndilili, ine mantha amatulukira m'kukalipa.

"Ndinakuuzani kale! Kulibe! Muno muli matenda, musatisokoneze. Chokani, ndipo musadzabwerenso!"

Ndinamva kachipata kakulira pang'ono, ngati munthu wachotsapo dzanja. Nditayang'ana bwino panalibe kanthu koma kafumbi kaja.

Ndinatola cholembera chija. Ndipo pomwepo foni inalira, a Chatepa, ati mawa ndiye tsiku lomaliza. Ndinawayankha mwachidule n'kudula. Ndinatenga pepala lija, mzere womaliza uli wopanda kanthu, ndipo ndinayamba kulalata ndekha ngati wamisala.

"Make Nthambi, make Nthambi! Miyezi inayi ndikusaka munthu woti kulibe! Nthambi ameneyu ndani? Anabadwira kuti? Nthambi! Nthambi iwe!"

"Wawa!"

Mawuwo anachokera m'nyumba. Anali omveka bwino, opepuka, ngati a kamtsikana koitanidwa kali pamasewera.

Ndinalowa ndikupunthwa pakhomo. Amayi, amene kwa milungu itatu sankatha kudzuka popanda kuwagwira, anali atakhala tsonga pabedi, maso ali kuwindo.

"Amayi, mwayankha ndinu?"

"Wandiitana ndani?"

"Ndine, ndimangolongolola za ntchitoyi."

"Ayi. Iwe ndakumva ukubwebweta pakhondepo. Ndikunena amene waitana kuchipata."

"Amayi, inu dzina lanu ndi Delesi."

"Delesi ndi la ubatizo, anandipatsa amalume titawoloka mtsinje. Ankati dzina lopatsidwa ndi mtchona silingalowe m'nyumba mwawo, ndipo amene alitchule aona chikwapu." Anapuma kaye. "Nthambi anandipatsa ndi bambo. Chichokereni iwo palibe anandiitanapo choncho, kupatula amayi anga. Iwe walitenga kuti?"

Ha! Miyezi inayi, a Gomani. Ndinapita kuseri kwa phiri, ndinakwawa m'manda, ndinasekedwa pamsika, pamene Nthambi ndinkamutengera phala mmawa uliwonse. Ine ndinkasaka dzina la Zakeyu Mpingasa chifukwa ndilo lolembedwa. Sindinaganizeko kuti mwamuna wa masiku amenewo sakanatchula mkazi wake dzina pamaso pa mlendo, akanafunsa kwa make wa mwana wake. Ndipo mwanayo m'kaundula analowa ndi dzina lina. Ine ndi a Chalendewa, aphunzitsi awiri, tinakhulupirira kaundula.

Ndinatenga kope lija n'kugwada pambali pa bedi. Ndinawawerengera maulendo onse asanu ndi awiri, umodziumodzi, ndi masiku ake. Ankamvetsera atatseka maso, milomo ikuyenda.

"Chaka chanji chimenecho?" anafunsa.

"1951."

"Nanga mgodi uja unagwa liti?"

"1950, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa mchere. Sanadabwe, sanaope. Misozi yokha ndiyo inatsika.

"Kasanu ndi kawiri," anatero. "Anabwera kasanu ndi kawiri. Ndipo anawabweza."

Pamenepo sindikanathanso kubisa. Ndinawauza za pamphambano. Ndinawauza za pachipata, mphindi zochepa zapitazo, ndi mawu onse amene ndinanena. Ndinkayembekezera kuti alira, koma anandiyang'ana ndi maso aja ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikaba shuga.

"Wawathamangitsa agogo ako pakhomo pako?"

"Sindinadziwe, amayi."

"Mlendo ukapanda kumudziwa umamutukwana? Ndinakulera choncho ine?" Anakhosomola mpaka ndinawagwira msana. Atapeza mpweya anati, "Mawa upite pamphambano. Ukawadikire. Akabwera ukawapepese, uwalandire sutikesi, uwatsogolere kuno. Usawafunse kanthu."

Ndinapita. Ndinanyamula kampando, ndinakhala pansi pa mkuyu kuyambira dzuwa lisanakwere mpaka litapendeka. Kunadutsa ngolo, kunadutsa amayi a nkhuni, kunadutsa anyamata a pa bawo aja n'kundifunsa ngati ndayamba kugulitsa mthunzi. Nyenje zinalira tsiku lonse osapuma. Sanabwere.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkadzidzimuka ndi munthu aliyense wovala chipewa. Wina ndinamuthamangira mpaka kumugwira mkono, n'kupeza kuti ndi wogula nandolo. Madzulo ndikafika amayi ankangondiyang'ana, ine n'kupukusa mutu.

"Unawauza kuti asadzabwerenso," anatero tsiku lachitatu. "Bambo anali munthu womva. Aphunzitsi atawauza choncho, taona zaka zimene anakhala osabweranso."

"Ndiye nditani, amayi? Ndikawasake kuti?"

"Upite basi. Ukakhale."

Usaone munthu wamkulu kulira pamsewu. Tsiku lachinayi ndinaima pakati pa mphambano dzuwa lili pamutu, ndinavula chipewa, ndinayankhula kwa msewu wopanda munthu. Ndinati agogo pepani, ndine mdzukulu wanu, ndine wopusa, pakamwa panga ndi poipa. Ndinati make Nthambi anamwalira kalekale koma Nthambi alipo, ali kwanga, akudikira, ndipo nthawi yamuthera. Ndinaloza njira ndi dzanja, kuti mukadutsa pachigayo mukhotere kumanzere, nyumba ya malata yachitatu. Ndinabwereza katatu. Palibe chinachitika. Mphepo sinaombe, nyenje sizinasiye. Mbuzi ina inangondiyang'ana ikubzikula.

Tsiku lachisanu ndinakana kupita. Amayi anali atafooka kwambiri, mpweya ukutuluka movutikira, ndipo ndinkafuna kukhala pambali pawo.

"Lero ndikhala pano," ndinatero.

"Pita."

"Amayi, masiku anayi ndapsa ndi dzuwa pachabe. Sabwera!"

"Ezara." Anatsegula maso. "Ukufuna abwere apeze pamphambano palibe munthu? Abwererenso? Pita, mwanangu."

Nachisale anandikodola kuti ndimvere. Ndinanyamula kampando kanga ndikung'ung'udza, ndipo potuluka sindinawatsanzike bwino amayi. Ndinangoti ndapita. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Ndinakhala pansi pa mkuyu ndikuwerenga mphindi. Dzuwa linakwera, linafika paliwombo, linayamba kupendeka. Nyenje za pamphambano zinalira ngati masiku onse. Ndinali nditangoganiza zonyamuka pamene ndinaona munthu akubwera kuchokera kwathu, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa msewu. Koma sanali wa jekete. Anali Nachisale, wopanda nsapato, mpango uli m'manja.

Ndinaimirira. Anafika pafupi n'kugwada, chinthu chimene sanachitepo pamsewu chikwatiranireni.

"Nachisale, kwagwanji?"

"Amayi atisiya, bambo."

Ndinakhalanso pakampando paja. Ndinafunsa kuti zinayenda bwanji.

"Inu mutangochoka anandiuza kuti ndiwasambitse, ndiwaveke diresi la kutchalitchi. Ndinawaveka. Anati nditsegule chitseko ndi chipata, ndiike mpando pafupi ndi bedi. Dzuwa litafika pamutu galu analowa pansi pa nkhokwe." Anapukuta m'maso ndi mpango uja. "Ine ndinali pakhomo la chipinda, sindinaone munthu. Koma amayi anamwetulira, anatambasula manja onse awiri ngati akulandira katundu. Ndinamva akuti, mwayenda bwanji. Kenako anayankhula motsitsa nthawi yaitali, akuseka pang'ono, mwina akudandaula. Sindinamve zonse."

"Za ine sananene kanthu?"

"Ananena. Ndiwo mawu awo omaliza." Nachisale anandiyang'ana. "Anati, kamuuzeni Ezara achoke padzuwapo abwere kunyumba. Bambo akuti anamumva, njira anawalongosolera bwino."